Zotumidwa za pa Kariakoo

Tabwerani muime pano, pakona iyi ya msewu wa Congo. Msana muutsamiritse kukhoma, chikwama muchikumbatire kutsogolo. Kuno ndi ku Kariakoo, mumzinda wa Dar es Salaam, ndipo woima pakati panjira amagundidwa ndi chilichonse: ngolo ya mabelo, bajaji, njinga yamoto, mnyamata wosenza matiresi atatu pamutu. Tsono tayang'anani uko. Mwawaona amayi ovala chitenje chofanana aja, chachikasu cha maluwa obiriwira, akuyenda mondondozana aliyense dzanja lili pachifuwa? Ndi akwathu amenewo. Dzanjalo musalidandaule, si nthenda ya mtima ayi. Pamenepo ndi pomwe pali mpamba.

Ndi gulu la banki m'khonde lochokera ku Lilongwe, mbali za ku Kawale. Chaka chonse akhala akuponya masheya, kukongozana, kulipiritsana chindapusa cha kuchedwa, ndipo pogawana ndalama anamangana kuti ulendo uno asathere pa malata ndi feteleza pokha: akaoneko nyanja yamchere, akaodeko katundu wa geni. Ine ndinangokwera nawo basi imodzi. Koma nditamva mayi wina akufunsa mnzake ngati ku Tanzania kumapezeka ufa woyera, makutu anga anasamukira kwa iwo, sanabwererenso.

Alipo 14. Kutsogolo kuli Mayi Tcheya, kope m'khwapa, cholembera m'tsitsi. Pambuyo pawo Msungichuma, amene chala chawo sichichoka pa kakyuleta. Pali Agogo, pali mtsikana wa foni amene ntchito yake ndi kujambula, ndiye pali bambo m'modzi yekha, amuna awo a Msungichuma, amene akuti anabwera "kudzateteza azimayi". Awo ali kumapeto kwa mzerewo, thukuta kamukamu, zikwama zinayi m'manja, china m'khosi.

Zinayambira pa Songwe. Munthu ukangowoloka mlatho uja wapansi n'kufika ku Kasumulu, anyamata osintha ndalama amakuzinga, mitolo ili m'manja. Msungichuma anawerenga ma 10,000 ofiira a njovu aja katatu, akunyowetsa chala palilime, kenako anatembenukira gulu nkhope ili gwa.

"Amayi, musanyengeke ndi maziro. Maziro si ndalama."

"Koma ine ndiye ndalemera," anatero wina, akudzipepesera mphepo ndi mtolo wake. "Akanandiona apongozi anga!"

Pomwepo wina anakumbutsa kuti dziko lino linaletsa majumbo mu 2019. Agogo anali ndi majumbo asanu ndi limodzi: la mtedza wophika, la mbatata, la nkhuku yokazinga, ena a zinthu zomwe sanafune kutchula. Anakhala pansi pamthunzi, n'kuyamba kusamutsira zonsezo m'mipango, akung'ung'udza kuti dziko loopa jumbo sanalionepo. Nkhuku ija inathera pomwepo, poti mpango wake unasowa.

Ndipo ndi pamenepa pomwe ufumu unasintha manja. M'gululi muli mayi wina wa ku Karonga, wokwatiwa ku Kawale, wofatsa, amene kumisonkhano amakhala kumapeto kwa mkeka ndipo anzake amamuseka kalankhulidwe. Atangotsegula pakamwa n'kuyankhana ndi kondakitala m'Chiswahili chosalala, mpaka kondakitalayo kutsitsa mtengo wa katundu, gulu lonse linangoti zii. Kuchokera pamenepo dzina lawo linakhala "achemwali athu". Mpando wa pawindo unali wawo. Fanta yoyamba inali yawo. Ngakhale Mayi Tcheya anayamba kumati akalamula kanthu, n'kucheukira kwa iwo: "Si choncho, achemwali?"

Za msewu sindinena zambiri. Kuchoka ku Mbeya kukafika ku Dar ndi makilomita opitirira 800, ndipo pa mapiri a Kitonga, pomwe msewu umakhotakhota pamwamba pa phompho, amayi anayambitsa kwaya popanda woitanitsa. Ku Mikumi msewu umadutsa m'kati mwenimweni mwa nkhalango ya nyama, ndiye basi yonse inakhamukira mbali imodzi kukaona akadyamsonga ndi mbidzi. Mtsikana wa foni anajambula zithunzi zambirimbiri, zonse za chigongono cha bambo aja. Agogo anangoyang'ana anyani okhala m'mbali mwa msewu n'kunena kuti amenewo ngakhale ku Dedza aliko, asawadzutsirenso zimenezo.

Tibwerere pakona pathu. Taonani, aima pa shopu ya nsapato.

Mayi Tcheya atsegula kope lija. Mukaganiza kuti muli maakaunti, mwalemba m'madzi. Muli zotumidwa. Tsamba lililonse ndi la munthu wotsala kumudzi: mlamu akufuna nsalu ya makatani, aneba akufuna fulasiki, mayi busa akufuna nsapato zoyera za chigwirizano, mwana wa achimwene akufuna foni "yabwino koma yotchipa". Ena anapereka ndalama. Ena anapereka theka. Ambiri anangoti, "Mugule, tidzaonana mukabwera."

Mayi wina akutulutsa m'chikwama timaulusi tinayi tomanga mfundo, n'kuyamba kuyeza mkati mwa nsapato iliyonse. Aka ndi phazi la mwana wachisamba, aka ndi la mdzukulu, aka ndi la mwana wa aneba. Mwini shopu, mnyamata wa ndevu zometa bwino, sakudabwa n'komwe. Wawaona ambiri otere, a ku Zambia, a ku Congo, a ku Burundi, poti msika uwu umadyetsa maiko ambiri oyandikana ndi dziko lino. Akungotulutsa mabokosi, akumwetulira.

Tsono mvetserani malonda ake. Mnyamata alemba nambala pa kakyuleta, n'kutembenuzira kwa Msungichuma. Msungichuma aiyang'ana, achulukitsa, agawa, aitembenuzira m'makwacha, kenako agwira pakamwa.

"Iii, mwana iwe, ukufuna tibwerere wapansi?"

Mnyamatayo sakumva liwu ndi limodzi lomwe, koma wamva zonse. Aseka, afufuta, alemba ina. Msungichuma alemba yawo. Mnyamata agwira mutu, ayang'ana kumwamba, aitana dzina la Mulungu. Achemwali a ku Karonga alowererapo ndi mawu awiri atatu. Kenako Mayi Tcheya apereka chizindikiro chomwe anapangana kale kunyumba yogona, kukanda khutu, ndipo amayi onse 13 atembenuka nthawi imodzi kuyamba kutuluka. Bambo aja, amene za khutuzo sanauzidwe, atsala chiimire pakati pa shopu, akuyesa sandasi.

"Mama! Mama! Njoo!"

Abwerera mwaulemu wonse, nkhope zosasangalala, mitima ikuvina.

Chimene chimachedwetsa si mtengo ayi, ndi foni. Chinthu chilichonse chisanagulidwe chiyenera kuonetsedwa kumudzi pa WhatsApp. Ndiye muone mayi ataima pakati pa chipwirikiti, diresi ili m'mwamba, akukuwa: "Iyi? Mwati iyi? Ayi, yofiirayo yatha! Mwati chiyani? Mukudukaduka!" Kumbali inayo munthu ali phee pakhonde pake ku Kawale, tiyi ali m'manja, akuti aitembenuze aone kumbuyo, akuti mabataniwo sanawakonde, akuti kodi yamtundu wa mtambo palibe.

Ine poyamba ndinkawamvera chisoni. Munthu waponya masheya chaka chathunthu, kwacha n'kugwa mu 2023 muja mpamba n'kufota uli m'manja, wayenda mtunda wonsewu miyendo mpaka kutupa, ndiye afike kuno azithamangira makatani a mlamu? Koma nditawayang'anitsitsa ndinaona kuti kopelo salinyamula molemedwa. Amalitsegula monyadira. Mayi wa masamba anayi amayenda mosiyana ndi mayi wa tsamba limodzi. Panali wina wachitsikana, wongokwatiwa kumene, wobwera kumene m'dera lawo, amene sanatumidwe ndi aliyense. Ndalama zake zinali zakezake, akanatha kugula chilichonse chomwe mtima wake wafuna, koma ndi iye amene ankaoneka wosowa pogwira. Anzake ataona choncho anamugawira zotumidwa zawo: iwe ukafune fulasiki, iwe ukafune maloko. Ananyamuka nkhope ikuwala. Madandaulo a "anthu a kwathu satopa n'kutuma" amanenedwa mokweza dala, kuti oyandikana amve kuchuluka kwa anthu omwe akukudikira.

Dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa kuno konyowa kuja, komwe ngakhale mayi wa ku Nsanje wa m'gululi anavomereza kuti n'kwina. Mayi Tcheya aima pafupi ndi chinyumba chachikulu cha msika, chija chinapsa ndi moto mu 2021, n'kuyamba mwambo wawo wa ola lililonse.

"Tawerenganitu. Wani!"

"Thuu!"

"Filii!"

Anafika pa 13. Anabwerezanso, bambo aja n'kudziwerenga kawiri mwangozi, zinakwana 14, anthu n'kupuma. Koma mtsikana wa foni anafunsa kuti, "Nanga Agogo?"

Musafune kuona. Wina wayamba kale kulira, wina akupemphera, wina akufunsa kuti ana awo tikawauza chiyani. Foni ya Agogo ikuitana m'chikwama chomwe chili m'khosi mwa bambo aja. Chitenje chofanana chija, chomwe anasokera kuti asasowane, chinapezeka kuti chili m'shopu iliyonse ya nsalu mumsewumo, ndipo amayi awiri anathamangira mzimayi wina wa ku Congo n'kumugwira mkono. Mayi Tcheya anagawa anthu awiriawiri, n'kulamula kuti wina asasunthe pamalopo, lamulo lomwe linasokoneza onse poti aliyense anaganiza kuti wosasunthayo ndi mnzake.

Ine ndinawaona Agogo msanga, koma ndinati ndione kaye. Anali kuseri kwa mulu wa mabeseni, atakhala pa benchi pakati pa madoda awiri ovala mikanjo yoyera, kakapu kakang'ono ka khofi wakuda kali m'manja, kashata ali kukamwa. Wogulitsa khofiyo, wa ketulo yoyenda ndi makala ake pansi, anali akuwathirira kachiwiri. Ankacheza. Iwo m'Chichewa, madodawo m'Chiswahili, onse akugwedeza mitu pamalo oyenera. Agogo ankafotokoza za bondo lawo, dodayo n'kuloza lake.

Gulu litawapeza, iwo ndiwo anayamba kukalipa.

"Munali kuti ana inu? Munthu kukudikirani mpaka khofi kuzizira."

Tsiku lokaona malo linali ndi zakezake. Dalaivala wa minibasi yomwe anachita hayala anauza Mayi Tcheya kuti abwera "saa tatu". Achemwali a ku Karonga anali kubafa. Mayi Tcheya anamva "tatu", n'kulengeza kuti galimoto ibwera 3 koloko masana, aliyense achape, apume. Koma kuno maola amayamba kuwerengedwa dzuwa likatuluka, ndiye ola lachitatu ndi 9 koloko m'mawa. Onjezani apo kuti Tanzania ili patsogolo ndi ola limodzi, ndipo theka la mafoni linali likadali pa nthawi ya kumudzi. Hutala italira panja, wina anali ndi thovu kumutu, wina akukazinga mazira, zitenje za yunifolomu zili pachingwe zikudontha. Anakwera atavala zonyowa. Pofika m'tauni zinali zitauma.

Anaima pa chipilala cha Askari, msilikali wachitsulo uja waima pakati pa raundabauti, mfuti italoza kudoko. Chinaimikidwa mu 1927 pokumbukira asilikali achikuda ndi onyamula katundu a pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Amayi ambiri anangofuna chithunzi. Koma Agogo anachiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti agogo awo aamuna anatengedwa pa mtengatenga nthawi ya nkhondo ya Ajeremani, ananyamula katundu wa asilikali kulowera kumpoto, ndipo anabwerako ndi chifuwa chomwe sichinathe. Anthu a ku Nyasaland ambirimbiri anayendadi ulendo umenewo, ndipo Kariakoo yomwe ija inamera pamalo pomwe panali msasa wa onyamula katundu a nkhondoyo. Bambo aja anamvetsera, n'kusuntha lamba wa chikwama paphewa. Palibe anaseka. Kenako mtsikana wa foni anati onse anene "chiiizi", basi n'kupitirira.

Kumsika wa nsomba wa ku Kivukoni kunali phokoso lina. Anthu oleredwa ndi chambo, usipa ndi utaka anaima kukamwa yasa patsogolo pa nyama ya miyendo isanu ndi itatu yoterereka, yomwe mnyamata wina ankaimenyetsa pansi kuti ifewe.

"Imeneyinso amadya?"

"Akuti supu wake amapatsa mphamvu abambo," anamasulira achemwali a ku Karonga, maso ali pansi.

Amayi onse anatembenukira kwa bambo aja. Msungichuma anati bajeti ilibe mzere umenewo.

Anakwera pantoni yowolokera ku Kigamboni, ulendo wa mphindi zochepa chabe, koma mayi wina anamwa mankhwala a chizungulire ndipo anagona tsidya linalo masana onse. Ena anakangana ngati sitimayi ikuposa Ilala. Anagwirizana kuti Ilala ndi yokongola, iyi ndi yonenepa chabe.

Ndiye nyanja ija. Apa ndiye ndinakhala pansi kuti ndionere bwino. Anthu awa nyanja amaidziwa, ena anakulira ku Salima, ena ku Nkhotakota, ndipo anafika ndi mtima woti tiione imene amaitamayo. Anapeza madzi ali kutali, mchenga wonyowa uli yalaa, mabwato atagona cham'mbali pouma. Mayi wa ku Salima anaika manja m'chiuno.

"Imeneyi ndiye nyanja yake? Yaphwa chonchi? Kunonso mvula inavuta eti?"

Anavula nsapato, n'kuziika bwinobwino pamzere pamchenga, pamodzi ndi thumba la chinangwa chokazinga chothira tsabola, n'kuyamba kuyenda kulondola madziwo. Woyamba kulawa anali Mayi Tcheya, mwaudindo. Anatunga ndi dzanja, kulawa, nkhope n'kukwinyika, n'kulengeza kuti amene anathira mcherewu analibe chisoni. Kenako aliyense analawa yekha, poti za kumva sizikoma. Zitenje anazikwinyira m'mawondo, kenako m'chiuno, kenako anangozisiya. Msungichuma amene, mayi wosaseka chisawawa, anagwetsedwa ndi funde n'kudzuka akuseka mpaka kutsokomola, dzanja likadali pachifuwa. Kope lija linali litatsala m'minibasi. Kwa maola awiri aja palibe foni inayankhidwa, palibe anatchula makatani, ndipo wachitsikana uja ndi amene ankatsogolera nyimbo.

Palibe anawauza kuti nyanja iyi imapita n'kubwerera kawiri patsiku. Pocheuka, pomwe panali mzere wa nsapato panali madzi. Ana a m'deralo, amene zoterezi ndi chakudya chawo, anali atatola kale zambiri n'kuziunjika kumtunda, akudikira kangachepe. Zinasowa zitatu, zonse za kumanzere. Chinangwa chinapita.

Asanachoke anatulutsa mabotolo. Madzi a m'nyanja yamchere analinso m'kope, anthu asanu anatuma. Wina akuti ndi a mwayi pa geni, wina akuti ndi owaza m'nyumba, mayi busa sanatume koma akuti sangakane. Mayi wina wa mpingo wosalola zimenezi anadzudzula anzake kuti n'zachikunja, kenako anadzaza lake, akuti n'longokaonetsa ana.

Usiku womaliza, kunyumba yogona, pakhonde panasanduka depoti. Onse anagula zikwama zofanana, zikuluzikulu zamizeremizere zija, ndiye panabuka mkangano woti ichi n'cha yani. Wina akukhalira chikwama kuti zipi itsekeke, awiri akukoka, zipi n'kuthothoka. Wina akuchotsa nsapato m'mabokosi, kumatula mapepala a mitengo, akuwerengera pamtima za msonkho wa pa Songwe. Mayi wa timaulusi uja akufufuza ulusi wachinayi, wa mwana wa aneba, womwe anali asanaugulire nsapato. Unapezeka utamangidwa kukamwa kwa thumba la mpunga.

Kenako Mayi Tcheya anaomba m'manja, msonkhano. Banki m'khonde ndi banki m'khonde, ngakhale kunja kwa dziko. Agogo analipitsidwa chindapusa cha kusowa popanda chilolezo. Anakana, akuti osowa anali enawo, 13 onse, ndipo alipire ndi iwo. Nkhani ya "saa tatu" itadzutsidwa, Mayi Tcheya anati imeneyo ikakambidwa kumudzi. Msungichuma anawerenga za m'thumba la gulu, n'kupeza kuti zaperewera pang'ono. Anawerenganso. Anakweza maso pang'onopang'ono.

Bambo aja anali ataima pakhomo atavala jezi yofiira ya Simba, yatsopano, mapindo ake akuonekabe. Anafotokoza kuti iwo ndi a Bullets chibadwire, ndiye ataona zofiira pa msewu wa Msimbazi, pomwe pali likulu la timuyo, mtima unagunda. Akuti anyamata a m'misewu anawaimbira m'manja, wina mpaka anawanyamulira chikwama. Mtsikana wa foni anawakumbutsa kuti Simba yomweyo ndi imene inatulutsa Bullets mu mpikisano wa CAF mu 2022.

"Zimenezo n'zakale," anatero bamboyo. "Komanso ndalamayo ndabwereka, sindinabe."

"Chiwongoladzanja mukuchidziwa," anayankha akazi awo, akulemba.

Foni ya Mayi Tcheya inalira. Anaiyang'ana, n'kuipereka kwa mtsikana uja. Anali mlamu wa makatani. Akuti waganizaganiza, mtundu uja sugwirizana ndi mipando, ngati n'kotheka akasinthe, komanso amuonereko kapeti.

Mayi Tcheya anayang'ana mulu wa zikwama, anayang'ana mapazi awo otupa ali m'beseni la madzi.

"Muuze kuti tawoloka kale. Tili pa Karonga."